Nkhani ya a Waheedul Haq iyambireni pa Chhayanaut

Achemwali, nkhani yomwe mukufuna kulemba ya a Waheedul Haq, mtolankhani komanso katswiri wa nyimbo wa ku Bangladesh, musaiyambire pa ntchito yawo ya ku nyuzipepala ayi. Iyambireni pa Chhayanaut, bungwe la nyimbo ndi chikhalidwe lomwe iwo ndi anzawo, kuphatikizapo a Sanjida Khatun, adakhazikitsa mu 1961 ku Dhaka, mzinda womwe lero ndi likulu la Bangladesh. Utolankhani a Haq adaugwira zaka zambiri, inde, koma mtima wawo udali pa nyimbo za Rabindranath Tagore, mlakatuli wotchuka wa Chibengali, mpaka pomwe adamwalira mu 2007.

M'zaka za m'ma 1960 dziko la Bangladesh lidali East Pakistan, chigawo cha Pakistan, ndipo boma silinkazifuna nyimbozi, moti mu 1967 lidaziletsa pa wailesi. Chaka chomwecho a Chhayanaut adayamba kuimba mbandakucha pansi pa mtengo waukulu ku Ramna Park ku Dhaka, polandira chaka chatsopano cha Chibengali. Mwambowu ulipobe mwezi wa Epulo uliwonse.

Ine ndidawamvetsa bambowa nditaonera mwambo umenewu pa YouTube: oimba ambirimbiri atakhala pansi m'mizere, dzuwa likungosuzumira, khamu lonse lili zii. Chinenerocho sindichimva, koma misozi idalengeza. Uonereni musanalembe.

Koma mukafuna kumasulira mawu a nyimbozo, pezani mphunzitsi wodziwa bwino Chibengali ndi nyimbo za Tagore, musadalire makina a pa intaneti.