Kwa achemwali amene afunsa za kuthandiza okalamba ndi aulumali kumudzi

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga pamodzi ndi mayankho onse amene abwera. Mwati inu ndi anzanu ochokera dera limodzi, ena muli ku Johannesburg ena ku Lilongwe, mwasonkha ndalama ndipo mukufuna pa Khirisimasi mukagawe shuga, sopo, mpunga ndi zitenje kwa agogo, kwa mabanja ovutika ndi kwa anthu aulumali kwanu. Mukufunsa kuti muyambire pati, komanso mutani kuti katunduyo akafike kwa eni ake. Zikomo chifukwa cha mtima umenewu. Ine ndakhala nawo m'kagulu kotere kwathu kwa zaka ndithu, ndiye ndiloleni ndilembe motalika. Pempho langa lalikulu ndi lakuti ndalamazo musazithere tsiku limodzi. Sankhani makomo ochepa, muwadziwe bwino, muyende nawo chaka chonse.

Ndiyambe ndi nthawi. Pa Khirisimasi anthu amakumbukirana. Ana a m'tauni amabwera, mipingo imagawa, ngakhale neba wouma manja amatumizako mbale. Mavuto enieni amafika mu Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zagwa, chimanga cha m'munda sichinakhwime ndipo mtengo wake pamsika wakwera. Wamphamvu amathamangira ganyu n'kubwera ndi kambale ka ufa madzulo. Nanga agogo amene sangathe kugwira khasu? Amagona ndi njala osauza munthu. Ndiye ngati muli ndi ndalama zogulira chakudya, gulani chimanga, musunge, mugawe miyezi imeneyo. Chaka chamawa mudzagule mu Meyi kapena Juni anthu atangokolola, chikadali chotsika mtengo, mudzachiike m'matumba a PICS aja osalowa mpweya kuti anankafumbwe asachiwononge. Ndipo musamapereke thumba lathunthu nthawi imodzi. Thumba likalowa m'nyumba ya nkhalamba, achibale amene sankaoneka amatulukira, pakatha sabata ziwiri mulibe kanthu. Ndowa imodzi mwezi uliwonse, yogayitsa kale, imafika m'mimba mwa amene mukumufunayo. Zogayitsazi musazione ngati zazing'ono. Chigayo chimafuna ndalama komanso munthu wosenza.

Tsono nkhani yovuta kwambiri ndi ya kusankha. Mukapite kwa amfumu choyamba, chifukwa simungagwire ntchito m'mudzi mwini mudzi osadziwa. Koma mayina musatenge kwa munthu mmodzi, kaya ndi amfumu, kaya abusa, kaya mchimwene wanu weniweni. Aliyense ali ndi abale ake. Funsani alangizi a zaumoyo, amene amalowa khomo ndi khomo. Funsani amayi a Chigwirizano, a Mvano, a Dorika, a kumphakati, ndi a kumzikiti komwe. Amayi amene amazonda odwala ndi kugona pamaliro amadziwa nyumba imene simukutuluka utsi. Funsaninso aphunzitsi, atchule ana amene asiya kubwera kusukulu. Dzina likatchulidwa ndi anthu angapo osagwirizana, pitani mukaone ndi maso.

Ndikuti pitani chifukwa mukangoitanitsa msonkhano pabwalo la sukulu, adzabwera amene angathe kuyenda. Amene akufunikira thandizo kwambiri sadzabwera. Agogo amene maso anachita khungu ali pakhonde, bambo amene anafa ziwalo mbali imodzi ali pamphasa, ndipo mwana amene sanakhalepo tsonga chibadwire makolo ake amamutsekera m'nyumba chifukwa cha manyazi ndi zonena za anthu. Awa mumawapeza mukagogoda.

Mufunsenso kuti ndani ali kale pa Mtukula Pakhomo. Ndondomeko imeneyi inayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo tsopano ili m'maboma onse. Imathandiza mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, koma inakonzedwa kuti izitenga pafupifupi khomo limodzi pa makomo khumi alionse. Inu mukudziwa kuti kumudzi ovutika amaposa pamenepo. Amene anatsala kunja kwa mndandanda ndiwo muyambe nawo. Sindikunena kuti amene akulandira akhuta, ayi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu zinakwera kwa aliyense. Koma amene alibe kalikonse ndiye ayambe kuonedwa.

Mukafika pakhomo, funsani. Khalani pansi, mupereke moni, mumve kuti chikuwasowetsa tulo n'chiyani. Mudzadabwa kuti ambiri satchula shuga. Agogo ena adzakulozerani denga. Nyumba yothonya imadwalitsa nkhalamba kuposa njala, ndipo kufolera kumangofuna udzu, pepala la pulasitiki ndi anyamata angapo tsiku limodzi, mvula isanayambe. Ena adzakuuzani kuti chimbudzi chinagwa chaka chatha, amapita kutchire usiku ndi ndodo. Ena munda ulipo koma wopalira palibe. Ena ndi madzi, mjigo uli patali ndipo ndowa sangaisenze. Mu Juni ndi Julayi, makamaka kumadera ozizira ngati Dedza ndi Ntcheu, bulangete ndi mankhwala enieni. Zambiri mwa izi zimafuna manja kuposa ndalama. Ndalama zanu zigule zipangizo, ndiwo ndi ufa wophikira ogwira ntchito, achinyamata a m'mudzimo agwire.

Pali chinthu china chokhudza okalamba chimene chimandiwawa kwambiri, ndipo sindingachidumphe. Nkhalamba yokhala yokha, yosauka, imene mutu wayamba kusokonekera chifukwa cha ukalamba, imalankhula yokha ndi kusochera usiku, ndiyo imayamba kulozedwa chala kuti ndi mfiti. Mukukumbukira zimene zinachitika ku Neno mu Januwale 2016, pamene okalamba anayi anaphedwa mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Nkhani zotere sizinathe, timazimvabe pa wailesi, ndipo nthawi zambiri ochita zimenezi ndi adzukulu awo omwe. Lamulo la za ufiti la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba. Bungwe loimira okalamba la MANEPO lakhala likulankhula za nkhanzazi. Koma apolisi amafika zinthu zitachitika kale. Chimene chimateteza agogo tsiku ndi tsiku ndi chakuti anthu aziona kuti pakhomo pawo pamafika alendo, kuti ali ndi owafunsa. Munthu amene amayenderedwa sabata iliyonse savutitsidwa mwachisawawa. N'chifukwa chake ndikukakamira zoti muyende nawo chaka chonse. Mukamva kuti mphekesera zayamba, musadikire. Kaonaneni ndi amfumu ndi apolisi a m'dera tsiku lomwelo.

Za aulumali. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu a zaka zisanu kupita m'mwamba, pafupifupi mmodzi mwa khumi alionse ali ndi ulumali wa mtundu wina. Ndi anthu ambiri, ndipo zosowa zawo n'zosiyana. Wosamva, wosaona, wa khunyu ndi woyendera ndodo simungawapatse phukusi limodzimodzi n'kuti mwathandiza. Ndipo chonde, mukafika lankhulani ndi mwini wakeyo. Musafunse mayi ake kuti "kodi uyu amafuna chiyani" iye ali pompo akumva.

Apa ndi pamene ndalama zochepa zimachita zazikulu, chifukwa thandizo lambiri lilipo kale m'dziko muno, chosowa ndi thiransipoti ndi munthu woperekeza. Agogo amene maso anachita ng'ala atha kuonanso atachitidwa opaleshoni yaifupi ku Nkhoma, kapena ku zipatala za maso za Lions ku Queens ndi ku Kamuzu Central. Taganizani, munthu amene wakhala akutsogoleredwa ndi mdzukulu kubwerera akuyenda yekha, ndipo mdzukuluyo n'kubwereranso kusukulu. Mwana wobadwa ndi mapazi opindika amawongoka ndi chikhakha akapita naye msanga, ndipo ku Beit CURE ku Blantyre ana amathandizidwa ulere. Amene anafa ziwalo amaphunzitsidwanso kuyenda ndi kudzisamalira ku Kachere, ku Blantyre komweko. Ana osamva ali ndi sukulu zawo monga ku Mua ndi ku Embangweni, osaona ku Chilanga ku Kasungu ndi ku Malingunde. Njira yake ndi kuyamba pa chipatala chaching'ono cha kwanu kuti akulembereni kalata, komanso kukaonana ndi a ofesi ya chisamaliro cha anthu paboma, ndi a bungwe la boma loona za anthu aulumali la MACODA, amene tinkawadziwa kuti MACOHA. Powerengera ndalama, werengerani anthu awiri, wodwala ndi womudikirira, komanso ulendo wobwereza. Ambiri amapita kamodzi, tsiku lobwerera likafika ndalama palibe, zonse n'kubwerera pomwe zinali.

Njinga ya olumala musangogula chifukwa mwaiona yotchipa ku Joni. Munthu amayenera kuyezedwa. Njinga yosamukwana imatulutsa zilonda zovuta kupola, ndipo ya matayala ang'onoang'ono yopangidwira m'chipatala siyenda pamchenga ndi m'matope a kumudzi. Ndinaonapo ina yabwino ndithu, yopatsidwa ndi anthu akufuna kwabwino, itasanduka poyanika zovala chifukwa tayala linathyoka ndipo wokonza panalibe. Funsani akatswiri kaye.

Wa khunyu amafunika kumwa mankhwala osadumphitsa, ndiye ndalama ya kabaza mwezi ndi mwezi ndi yofunika kuposa chitenje. Muonetsetsenso kuti sakuphika yekha pamoto wa mafuwa, chifukwa ambiri amapsa akagwa. Anzathu achialubino, amene kalembera yemweyo anapeza kuti alipo oposa 134,000, amafunika mafuta oteteza khungu kudzuwa, chipewa chachikulu, malaya a manja aatali, komanso chitseko cholimba chokhala ndi loko. Tonse tikudziwa chifukwa chake. A APAM, bungwe la anthu achialubino, angakuuzeni zambiri.

Koma musaganize kuti aliyense waulumali akufuna kupatsidwa. Ambiri akufuna mpamba ndi makasitomala. Alipo osoka, okonza nsapato ndi mafoni, oluka. Nsalu zoluka za ku Bangwe zija amapanga ndi anthu aulumali. Ngati kwanu kuli telala woyendera ndodo, mupatseni ntchito yosoka yunifolomu za ana amene mukuwathandiza, mumulipire mtengo wake. Ndipo mu komiti yanu mukhale munthu waulumali ndi wachikulire mmodzi, azinena nawo zochita.

Mabanja osauka amene ali ndi mphamvu ndi nkhani ina, ndipo sinditalikitsa. Chimene chimawagwetsa n'chakuti nthawi yopalira amakhala m'minda ya eni kufuna chakudya cha lero, wawo munda n'kumera tchire, chaka chamawa njala yomweyo. Chakudya cha miyezi iwiri imeneyo, mbewu, ndi zofunika kusukulu za mwana amene wasankhidwa kupita ku sekondale zimadula unyolo umenewu. Ena alowetseni mu banki m'khonde kuti asamathamangire katapila. Muonenso ngati onse ali ndi chiphaso cha unzika, chifukwa popanda icho munthu amaphonya zambiri za boma.

Tsopano ndalama, pakuti magulu ambiri amafera apa. Anthu amakondana mpaka tsiku limene wina wafunsa lisiti. Gwirizanani poyamba penipeni kuti kufunsa si kunyoza. Ndalama isamalowe mu Mpamba kapena Airtel Money ya munthu mmodzi popanda ena kuona. Wosunga akhale wina, wogula wina, wolemba wina, ndipo asakhale a banja limodzi. Mwezi ukatha lembani pagulu zimene zalowa ndi zimene zatuluka, ngakhale itakhala ndalama ya mchere. Mukaona kuti gulu likukhazikika, kalembetseni ku ofesi ya chisamaliro cha anthu ngati bungwe la m'dera, mutsegule akaunti ya anthu atatu osayinira. Andale akadzafuna kubwera ndi nsalu zawo kuti agawe nawo, akanireni mwaulemu. Agogo a chipani china adzaopa kulandira.

Inu amene muli kunja mukumbukirenso kuti amene adzayende ndi amene ali kumudzi. Iwonso ali ndi minda ndi ana. Musawalamule pafoni ngati antchito anu. Agulireni mayunitsi, akonzereni njinga, muziwathokoza pagulu, ndipo akakuuzani kuti chinthu china sichingatheke, amvereni, chifukwa iwo ndiwo akuona.

Za zithunzi ndinene mosabisa. Ndikumvetsa kuti osonkha amafuna umboni. Koma kuimika agogo ndi paketi ya shuga m'manja, kapena kujambula mwana wolumala ali pansi n'kuika pa Facebook, n'kuwalipiritsa ndi ulemu wawo. Jambulani denga latsopano, chimbudzi, malisiti. Munthu mumujambule akavomera, atasamba ndi kuvala monga mmene iye angafunire kuonekera, ndipo chithunzicho chithere m'gulu lanu. Achialubino musaonetse nkomwe kumene amakhala.

Nanga Khirisimasi muisiye? Ayi. Tengani gawo laling'ono, muphike mpunga ndi nkhuku, mukadye nawo. Amene sangayende muwatengere kunyumba kwawo ndipo mukhale pansi mudyere limodzi, osangosiya mbale pakhomo. Tsiku limenelo ndi lomwe mungayambe kufunsa ndi kulemba zosowa za khomo lililonse. Zotsalazo sungani za chimanga cha Januwale ndi Febuluwale, ndi za maulendo a kuchipatala. Mundiuze boma limene mukuchokera, achemwali, pagulu pano pali anamwino ndi aphunzitsi ambiri, wina adzakulozerani chipatala ndi ofesi zimene zili pafupi ndi kwanu.