Limu yopepuka kapena yolimba? Yambani ndi gudumu lakumbuyo

Achimwene, mwafunsa kuti mutenge iti pakati pa limu ya magalamu 430 ndi ina ya magalamu 570, poti mumalemera makilogalamu 85, njinga yanu yakapalasa ndi ya magudumu a mainchesi 29, ndipo mumakonda njira zamiyala ndi mizu. Yankho langa n'lakuti kumbuyo ikani yolimbayo osaganizanso kawiri. Kutsogolo ndiye tikhoza kukambirana.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Inuyo ndi njinga yanu pamodzi muli pafupi ndi makilogalamu 100. Mukasankha malimu opepukawo mbali zonse mwachotsa magalamu 280 basi, osakwana n'komwe kulemera kwa botolo la madzi la theka la lita limene mumanyamula osadandaula. N'zoona zimene anthu amanena kuti kulemera kwa m'mphepete mwa gudumu kumamveka kwambiri. Koma kumamveka pamene mukudzutsa liwiro, monga potuluka pakona kapena poyambapo mutaima. Mukamakwera chitunda chachitali pa liwiro limodzimodzi, galamu ya pa limu ndi yofanana ndi galamu ya m'thumba mwanu. Wa mpikisano wa cross-country (wothamangitsa njinga m'njira zokwera ndi zotsika), amene amalimbirana masekondi, ali ndi chifukwa chowerengera magalamu amenewa. Inu amene mukufuna kutsetsereka pamiyala n'kubwerera kunyumba mukupalasa, nkhani yanu ndi ina.

Gudumu lakumbuyo ndilo limazunzika. Thupi lanu lambiri limatsamira kumeneko, komanso lakutsogolo mumaliona, mumalizembetsa mwala kapena kulinyamula, pamene lakumbuyo limangodzagunda chilichonse chimene chatsala. Mukamva kuti "kho!" pansi panu, ndiye kuti tayala laphwatalala mpaka mlomo wa limu wakumana ndi mwala. Pa limu yopyapyala ya aluminiyamu mudzapeza mlomowo wapindikira mkati ngati wadindidwa ndi chala. Ngati mumayenda tubeless, kutanthauza tayala lopanda chubu, mpweya umayamba kuthawira pomwepo, timadzi tomata tothiridwa mkati mwake tikutuluka thovu m'mbali mwa tayala. Kupindika kwakung'ono mutha kukuwongola ndi sipanala yosinthasintha, pang'onopang'ono. Koma limu ikaphwanyika malo amodzi n'kusiya kukhala yozungulira bwino, masipoko a pamenepo amakhwepa, ena amakungika mopitirira, ndipo gudumulo silidzakhalanso chimodzimodzi ngakhale mulipereke kwa katswiri.

Za malimu a kaboni (carbon fibre) ndinene mwachidule. Pa kulemera kofanana kaboni amalimba kuposa aluminiyamu ndipo sapindikapindika, koma akafika pamapeto pake sachenjeza, amangong'aluka. Aluminiyamu amakulolani kufika kunyumba. Mu 2014 ku Leogang m'dziko la Austria, pa mpikisano wa World Cup wotsetsereka phiri panjinga, tayala lakumbuyo la katswiri wa ku America Aaron Gwin linavuka ndipo anatsika phirilo pa limu yokhayokha, ya aluminiyamu ya kampani ya DT Swiss yotchedwa EX 471, mpaka pomalizira. Ngati mtima wanu uli pa kaboni, werengani kaye zimene kampaniyo imalonjeza limu ikasweka, ndipo musatenge yopangidwira cross-country n'kumakaigunditsa m'miyala.

Chimene ambiri amachiiwala, ndipo chimandipweteka ndikachiona, ndi m'lifupi mwa limu. Yang'anani muyeso wa mkati, osati wa kunja. Pa matayala a mainchesi 2.3 mpaka 2.5 m'lifupi, mamilimita 30 amakwanira bwino. Limu ikakhala yopapatiza, tayala limafutukuka ngati babu ndipo limapendekeka pakona, ndiye mumakakamizika kupopa kwambiri. Ikatakasuka mopitirira, tayala limakhala lathyathyathya pamwamba, timano ta m'mbali timagwira pansi nthawi yolakwika, ndipo mbali za tayala zimakhala pa ngozi yochekedwa ndi miyala. Ngati limu yopepuka mukuinenayo ili mamilimita 25 mkati, chimenecho n'chifukwa china choisiyira.

Kenako kamangidwe. Limu yabwino yomangidwa mwachisawawa imatha msanga kuposa limu wamba yomangidwa ndi munthu wodekha. Pa thupi ngati lanu tengani masipoko 32, osati 28, chifukwa imodzi ikaduka gudumu silikhota kwambiri ndipo mumapitiriza ulendo. Sankhani masipoko oonda pakati, aja a mamilimita 2.0 kumapeto ndi 1.8 pakati. Amaoneka ofooka koma amatamuka pang'ono n'kubwerera, motero satopa msanga pakhosi pomwe ambiri amadukira. Timanati tomangira masipoko ku limu tikhale ta mkuwa, chifukwa ta aluminiyamu timagwirana ndi sipoko tikakumana ndi madzi ndi matope kwa nthawi yaitali, ndipo pofuna kutipotokola timangonyenyeka. Womangayo mumufunse ngati ali ndi chida choyezera kukungika kwa masipoko. Kuliza masipoko ndi chala kumathandiza, koma sikokwanira.

Ndipo limu imatetezedwa ndi tayala. Tayala lakumbuyo likhale la mbali zochindikala, ndipo mpweya muziuyeza ndi geji musananyamuke, osati kungofinya ndi dzanja. Pa kulemera kwanu mukhoza kuyambira 24 psi (muyeso wa mpweya pa geji) kutsogolo ndi 27 psi kumbuyo ngati ndi tubeless, kenako muzisintha mogwirizana ndi njira. Mukamvabe "kho!" kawirikawiri, onjezerani pang'ono, kapena ikani insert (mkombero wofewa woika mkati mwa tayala kuti uteteze limu) ngati ya CushCore kumbuyo kokha. Koma onani apa: munthu amagula limu yopepuka kuti achotse magalamu 140, kenako n'kuikamo insert yolemera kuposa pamenepo kuti aiteteze.

Choncho ndikanakhala inu ndikanatenga ya magalamu 570 ija kumbuyo, ngati EX 511, ndipo kutsogolo yapakatikati ngati XM 481, zonse za DT Swiss komanso za mamilimita 30 mkati. Mutiuze matayala amene muli nawo panopa komanso ngati njinga yanu ili ndi shoko kumbuyo, chifukwa ikakhala hardtail, yopanda shoko kumbuyo, ndiye kuti limu yakumbuyo imalandira zonse yokha, ndipo mpweya uja tiukweze pang'ono.