Seva yachiwiri idikire kaye, mayi, tiyambe ndi magetsi

Mayi wina wakwathu wandilembera imelo. Ali ndi ofesi ku Fordsburg, kuno ku Joni, yotumiza katundu ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Antchito alipo 6, seva (kompyuta yosunga mafailo a ofesi yonse) ndi imodzi, ndipo ma invoice ndi mayina a makasitomala onse ali momwemo. Akufunsa ngati agule seva yachiwiri yoti izilowa m'malo inzakeyo ikafa, komanso firewall (chotchinga mbava za pa intaneti kuti zisalowe m'makompyuta a ofesi) yotsika mtengo ndi iti.

Zikomo mayi polemba. Ine ndikuti seva yachiwiriyo musathamangire.

M'maofesi ang'onoang'ono omwe ndagwirako ntchito, chogwetsa seva kawirikawiri chinali magetsi. Load shedding ya Eskom, kampani ya magetsi ya kuno ku South Africa, inatizunza mu 2023, ndipo ngakhale yachepa, akuba mawaya sanasiye, mphezi za nyengo yamvula nazonso zilipobe. Maseva awiri odya pa soketi imodzi amazimira limodzi. Ndiye ndalama yoyamba igule UPS, batire yomwe imapereka mphamvu magetsi akazima, muilumikize ku seva ndi chingwe cha USB kuti izizimitsa sevayo mwaulemu batire isanathe. Rauta (kabokosi kogawa intaneti) nayo ikhale pa UPS yomweyo, ambiri amaiwala zimenezi.

Kenako intaneti ikhale ya njira ziwiri: fibre (ya chingwe), ndi LTE (ya netiweki ya mafoni) ya Vodacom kapena MTN. Apa ndi pamene firewall ikulowera, chifukwa kabokosi kamodzi kangagwire ntchito zonse ziwiri: kuteteza ofesi ndi kusintha njira ya intaneti. Rauta ya MikroTik imatha, koma kuikonza kumafuna munthu wodziwa. Ine ndimakonda OPNsense, pulogalamu yaulere yomwe inaphuka kuchokera ku pfSense mu 2015. Imayenda pa kakompyuta kakang'ono kokhala ndi madoko a netiweki atatu kapena anayi, ndipo fibre ikaduka imasamukira yokha ku LTE. Ili ndi njira yotchedwa CARP yophatikiza mabokosi awiri, koma pa antchito 6 imeneyo siyofunika pano.

Chomwe ndikukupemphani ndi mtima wonse ndi ichi: ngati wina anakutsegulirani doko la 3389 (khomo la pa intaneti, osati la chingwe) kuti muzilowa mu seva muli kunyumba, litsekeni lero lomwe. Mbava za pa intaneti zimagogoda pa doko limenelo usana ndi usiku. Lowani kudzera pa VPN, njira yotetezeka yolowera mu netiweki ya ofesi muli kutali; WireGuard ndi VPN yaulere ndipo imayenda pa OPNsense.

Tsono seva yachiwiri ija. Ntchito yake ndi kukopera zonse za yoyamba, zabwino ndi zoipa zomwe. Ransomware, pulogalamu ya mbava yomwe imatseka mafailo kuti mulipire dipo, ikatseka mafailo anu, inzakeyo ikopera otsekekawo. Amene tinali kuno mu July 2019 tikukumbukira City Power, kampani ya magetsi ya mzinda wa Joni, itagwidwa ndi ransomware, anthu n'kulephera kugula mayunitsi a magetsi. Chokupulumutsani pamenepo ndi backup: makope atatu a mafailo anu, pa zosungira zamitundu iwiri, limodzi likhale kunja kwa ofesi. Hard drive yoichotsa n'kupita nayo kunyumba ndi poyambira pabwino, bola ikhale yotseka ndi pasiwedi, popeza lamulo la POPIA, lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021, limafuna kuti muteteze mbiri ya makasitomala.

Loweruka likudzali mukaweruka, zulani chingwe cha fibre muone ngati LTE ikutenga, kenako bwezani failo imodzi kuchokera mu backup. Mundilembere zomwe mupeze, komanso ndalama zomwe mumataya ofesi ikaima tsiku lathunthu. Za seva yachiwiri tidzakambirana titaona nambala imeneyo.