Aphunzitsi akuti fizikisi si ya atsikana, malikisi atsikadi: kodi asiye?

Mayi wina wandilembera za mwana wake wamkazi wa zaka 15. Chilowereni sekondale, mwanayo wakhala akukhoza masamu ndi fizikisi, ndipo amalakalaka kudzakhala injiniya. Chaka chino kwabwera mphunzitsi watsopano amene amanena m'kalasi kuti atsikana pa fizikisi amangodzaza mipando. Tsiku lina anauza mwanayo pamaso pa anzake kuti anthu a mtundu wake ulesi ndi chibadwa chawo. Pano malikisi atsika, mwana akufuna kulisiya phunzirolo. Mayiwo akufunsa kuti, popeza malikisi atsikadi, mwina aphunzitsiwo akunena zoona, ndiye kodi amulole asiye?

Mayi, musamulole kusiya pa chifukwa chimenechi. Taonani chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira: mwana ankakhoza, kenaka mawu onyoza anabwera, malikisi n'kutsika pambuyo pake. Mukatenga malikisi a lerowa ngati umboni woti aphunzitsi ananena zoona, mukhala mukuweruza mwana ndi bala limene mawuwo amupatsa.

Nkhaniyi akatswiri anaifufuza kalekale. Mu 1968, Robert Rosenthal ndi Lenore Jacobson anafalitsa zimene anapeza pasukulu ina ya pulayimale ku California. Anauza aphunzitsi kuti mayeso aonetsa ana ena amene nzeru zawo zatsala pang'ono kutseguka, pomwe mayina a anawo anangowasankha mwachisawawa. Chaka chitatha, ana otchulidwa aja anali atapita patsogolo kuposa anzawo, makamaka a m'makalasi oyambirira. Panalibe matsenga. Mphunzitsi akakhala ndi chiyembekezo pa mwana, amamuloza kawirikawiri, amamudikira akamaganiza yankho, amamupatsa funso lovuta, ndipo akalakwa amamufotokozera pamene walakwitsa. Mwana amene wamuchotsera kale chiyembekezo amangomudumpha, kapena kumudula mawu asanamalize. Kafukufuku wa m'zaka zotsatira anaonetsa kuti mphamvu imeneyi pa ana ambiri si yaikulu kwambiri, koma imakula pa ana a magulu amene amanyozedwa kale. Wanuyo wanyozedwa pawiri, ngati mtsikana komanso chifukwa cha mtundu wake.

Palinso zimene zimachitika mumtima mwa mwanayo. Mu 1995, pa yunivesite ya Stanford, Claude Steele ndi Joshua Aronson anapereka mafunso ovuta kwa ophunzira akuda ndi azungu. Ena anawauza kuti mafunsowo akuyeza nzeru zawo, ena anawauza kuti ndi ntchito chabe yothandiza pa kafukufuku. Ophunzira akuda amene anauzidwa zoyeza nzeru sanakhoze bwino poyerekeza ndi anzawo amene sanauzidwe zimenezo. Mu 1999 Steele ndi anzake anapezanso zofananazo pa amayi ndi masamu. Akatswiri amatsutsanabe za kukula kwa vutoli, chifukwa ena atabwereza kafukufukuyu anapeza kusiyana kochepa. Koma chimene chikufotokozedwacho aliyense amene anayang'anirapo mayeso amachidziwa. Mwana amene akulemba kwinaku akudziuza kuti ndikalakwa anena kuti atsikana ndi choncho, mutu wake ukugwira ntchito ziwiri, ndipo funso limene lili papepala likulandira theka lokha.

Tsankho limakhalitsa chifukwa limadzisankhira umboni. Mnyamata akalephera fizikisi amati sanawerenge. Mtsikana akalephera amati si paja tinanena. Mtsikana akakhoza amati ameneyu ndi wapadera, ndipo chikhulupiriro chija chimangokhala pomwe chinali. Mwambi uja wakuti nsomba ikaola imodzi zaola zonse ndi woona pa nsomba, koma tikaubweretsa m'kalasi timalanga mwana pa mlandu wa munthu amene sanakumanepo naye. Nanga chikhala kuti ndi chibadwa, bwenzi kusiyanako kuli chimodzimodzi kulikonse. Sizili choncho. Pa mayeso a PISA a mu 2018, amene amalembedwa m'mayiko ambiri ndi ana a zaka 15 ngati wanuyo, atsikana anaposa anyamata pa masamu m'mayiko ngati Finland, Malaysia ndi Thailand, pomwe kwina anyamata ndiwo anatsogola. Maryam Mirzakhani wa ku Iran analandira mendulo ya Fields mu 2014, ulemu wapamwamba zedi pa masamu, ndipo anali mayi woyamba kuilandira.

Tsono muchite chiyani? Yambani ndi mapepala. Sonkhanitsani makope, mayeso olembedwa kale ndi malipoti a chaka chatha ndi chino, muone pamodzi ndi mwanayo mitu yeniyeni imene akulakwa. Mwina mupeza kuti pali mutu umodzi kapena iwiri imene sanaimve, poti anasiya kufunsa m'kalasi kuopa kusekedwa. Zoterezo zimakonzeka m'masabata ochepa ndi mnzake wokhoza kapena mphunzitsi wina. Lembaninso mawu amene ananenedwa aja monga momwe anatulukira, tsiku lake, ndi amene analipo. Dandaulo loti aphunzitsi amadana ndi mwana wanga ndi losavuta kulikana. Mawu enieni okhala ndi tsiku ndi mboni savuta kuwafufuza.

Kaonaneni ndi aphunzitsiwo poyamba, mtima uli pansi. Sindikunena izi kuti muwanyengerere. Anthu ambiri amene amayankhula zotere anazimva ali ana ndipo sanaimepo n'kuziganizira, ndipo ena amasinthadi akaona kholo lakhala patsogolo pawo ndi mapepala a mwana m'manja. Afunseni kuti, pa ntchito ya mwana uyu, osati ya atsikana kapena ya mtundu wathu, n'chiyani chikuperewera? Auzeni mawu aja ndi zimene achita. Ngati akana kapena apitiriza, pitani kwa mphunzitsi wamkulu ndi kalata, ndipo musunge ina yofanana nayo. Apa simukupempha chifundo. Pangano la UNESCO (nthambi ya United Nations yoona za maphunziro) loletsa tsankho pa maphunziro linakhazikitsidwa mu 1960, ndipo pangano la United Nations la ufulu wa ana la mu 1989, m'ndime yake yachiwiri, limaletsa kusala mwana chifukwa cha mtundu, khungu, chiyankhulo, chipembedzo, ulumali kapena kukhala mnyamata kapena mtsikana. Pafupifupi mayiko onse anavomereza pangano la ufulu wa anali.

Chimodzi ndikuchenjezeni: musapemphe kuti mwanayo azimupeputsira. Kumupatsa mafunso ofewa pomumvera chisoni ndi kumuuzanso mwaulemu kuti sangathe. David Yeager, Geoffrey Cohen ndi anzawo anafalitsa mu 2014 zimene anayesa ku America pa ana a sitandade 7. Aphunzitsi anachonga zolemba za ana monga mwa nthawi zonse, koma pa zina anamatapo kakalata konena kuti akupereka ndemangazo chifukwa muyezo wawo ndi wapamwamba ndipo akudziwa kuti mwanayo angaufikire. Mwa ana akuda amene analandira kakalatako, pafupifupi 70 pa 100 alionse anakonza ntchito yawo n'kuibweza, pomwe mwa amene sanakalandire anali 17 okha. Kudzudzula kunali komweko, chinasintha n'chakuti mwana anadziwa chifukwa chake. Inunso kunyumba muziyankhula naye motero.

Ndipo poti tafika kunyumba, ndinenepo ichi ngakhale simunafunse. Ana amamva zimene timanena za anthu ena. Ngati pakhomo pamamveka kuti a mtundu wakutiwakuti ndi akuba, a chipembedzo chakuti ndi osadalirika, ndiye kuti mwana waphunzira kale kuti munthu amayezedwa ndi gulu lake, ndipo tsiku limene muyezowo watembenukira kwa iye alibe poukanira. M'kalasi mwakemo mwina muli mnzake wachialubino amene amamuyesa mbuli pomwe vuto n'lakuti saona bwino pa bolodi, kapena wachibwibwi amene yankho ali nalo koma palibe womudikira. Mufunseni ngati anawaonapo, komanso amatani anzake akamawaseka.

Kusiya fizikisi sikungamuchotse pa njira ya tsankho. Mu 2004, Marianne Bertrand ndi Sendhil Mullainathan anafalitsa zotsatira za makalata ofunsira ntchito pafupifupi 5,000 amene anatumiza ku Boston ndi Chicago. Maphunziro ndi luso zinali zofanana, anangosintha mayina. Pa anthu awiri alionse a mayina omveka a anthu akuda amene anaitanidwa, a mayina omveka achizungu ankaitanidwa atatu. Choncho kutsogoloku adzakumana nazonso, ndipo kuli bwino adzakumane nazo ali ndi satifiketi ya chimene amachikonda kusiyana ndi kuyamba lero kuthawa pakhomo lililonse pamene pali munthu wonyoza.

Iwe mwana wanga, ngati mayi akuonetsa yankholi, imva izi. Mawu anakupweteka aja si iwe unawachititsa, ndipo suli ndi udindo woimira atsikana onse kapena mtundu wako wonse pa mayeso alionse. Ukalakwa funso, walakwa funso limenelo basi. Tsiku lina ukhoza kusiya fizikisi chifukwa wapeza china chimene ukuchikonda koposa, ndipo palibe adzakuletse. Koma usapange chisankho chimenecho teremu ino. Khala kutsogolo, peza gulu la anthu atatu kapena anayi owerengera limodzi, anyamata ndi atsikana omwe, ndipo sabata iliyonse upite ndi funso limodzi lolembedwa kwa mphunzitsi wa sayansi amene umamasuka naye, ngakhale asakhale wa kalasi yako. Mayeso a kumapeto kwa teremu akatuluka, mukhale pansi ndi mayi muyerekeze mutu ndi mutu ndi mapepala a chaka chatha.