Yankho kwa alamu pa za ulendo wa ku Mauritius

Eee alamu, mwaswera bwanji kumeneko? Voice yanu ija ndaimva. Ndiye mwati inu ndi achimwene mukufuna kupita ku Mauritius mu February, mukufuna dzuwa, nyanja, mukaonenso phiri lotulutsa moto, ndiye mukufunsa ngati pakufunika visa eti? Chabwino, koma ndiyambire pa February-po chifukwa ndi pamene pandidetsa nkhawa.

February ayi alamu, chonde chonde. Kumeneko nyengo ya namondwe imayamba cha mu November mpaka April, ndipo January mpaka March ndiye pachimake penipeni. Freddy uja anatiliritsa kuno mu March 2023, anayamba wadutsa kaye chakumpoto kwa Mauritius mu February, kenako Madagascar, Mozambique, mpaka kutipeza ife. Sindikunena kuti chaka chilichonse zimatero ayi, mutha kupita dzuwa n'kumaswa mtengo sabata yonse, koma ndalama mwasunga movutikirazi muchite nazo juga? Akangolengeza chenjezo lalikulu maboti sayenda, ndege amaimitsa, inu mungoti duu m'chipinda cha hotela kumaonera mvula pawindo, mvula yoti ndi kuno ku Matawale komwe ikugwa yaulere. Ine ndikanakhala inu ndikanasunthira ku September kapena October, kumakhala kouma, kofunda bwinobwino koma osati kowotcha. Kumapeto kwa December ndiye musayerekeze, mitengo ya mahotela imachita kulusa.

Chinanso ndi mbali yogona, chimenechi anthu amachipeputsa. Kachilumbako ndi kakang'ono, mwina makilomita 65 mulitali, 45 mulifupi, koma mphepo yake imasankha. Kum'mawa ndi kummwera kumawomba kwambiri makamaka June mpaka August, ndiye inu yang'anani malo kumadzulo ngati Flic en Flac, kapena kumpoto ku Trou aux Biches kaya Grand Baie. Kumeneko madzi ndi odekha chifukwa mafunde amasweka patali pa matanthwe a m'nyanja, achimwene ndi kusambira kwawo kwa mu Likangala kuja akhoza kulowa osaopa. Kungoti bwalo la ndege lili kummwera chakum'mawa, ndiye kupita kumpoto ndi ulendo wa ola kapena kuposerapo, mtengo wa takisi mugwirizane musanakwere.

Tsopano za moto zija, hahaha, alamu musakakhumudwe. Chilumbacho chinapangidwadi ndi ziphala zamoto koma zinazima kalekale. Chimene mukaone ndi Trou aux Cerfs ku Curepipe, chidzenje chachikulu chozungulira, mkati munamera mitengo, anthu amangochita jogging m'mphepete mwake m'mawa. Mutenge kajuzi, ku Curepipe kumazizirira komanso mvula yowaza sikusowa. Mukamadutsa m'minda ya nzimbe muziona milu ya miyala yakuda bii imene anthu anaiunjika polambula minda, ndiye chiphala chakecho chimenecho. Ku Chamarel kuli dothi la mitundu 7, lofiira, lofiirira, lina ngati lapepo, ndi mathithi pafupi pomwepo. Mapiri awo asakuopseni, lalitali kwambiri ndi mamita 828, ife kuno mu tauni ya Zomba tingokhala pakhonde tili kale pamwamba kuposa nsonga yakeyo. Le Morne yokha musaiphonye, ndi phiri limene akapolo othawa ankabisalako, UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, inalizindikira ngati malo a mbiri mu 2008.

Phiri limene limaphulikabe lili pa chilumba china, Réunion, dzina lake Piton de la Fournaise, makilomita pafupifupi 200 kuchokera ku Mauritius. Koma kumeneko ndi ku France alamu, visa ikufunika, ndalama ndi ma euro, komanso silimaphulika poti inu mwabwera. Ulendo woyamba uno zisiyeni kaye.

Visa ya Mauritius ndi pasipoti yathu sifunika. Chimene angakufunseni pofika ndi tikiti yobwerera, pepala la kumene mukagone, ndi umboni woti muli ndi kangachepe kodyera. Pali fomu ina ya pa intaneti yolemba musananyamuke, tidzathandizana. Ndege yolunjika kulibe, mudutsira ku Johannesburg kapena Nairobi, kuchokera ku Joni ndi maola ngati 4. Mukasankha Nairobi mufunsiretu za kadi ya yellow fever. Nthawi ali patsogolo ndi maola awiri, galimoto amayendetsa kumanzere ngati kuno.

Foreksi ndiye mukudziwa kale mmene zilili, musadikire sabata yonyamuka. Tikiti ikangotuluka thamangirani ku banki, madola kapena ma euro, mukasintha ma rupee mukafika.

Achimwene muwauziretu kuti nsima aiwale kaye, akadye dholl puri wa pamsewu, timikate topyapyala ta nsawawa zogaya, amapaka curry ndi tsabola n'kukulunga papepala, ndi zotchipa kuposa za m'hotela. Munditumizire masiku amene angawapatse tchuthi kuntchito mu September, tiyambe kuona matikiti.