Mafunso Anu: Kukamvera Okestra Yokhala ndi Katswiri wa Piyano

Funso: Akonzi, ndaitanidwa ku konsati ya okestra (gulu lalikulu la oimba zida zosiyanasiyana) ya nyimbo za Haydn, Mozart ndi Beethoven, ndipo kudzabwera mlendo woimba piyano. Ndikakhale mbali iti, ndipo m'manja ndikawombe nthawi yanji?

Yankho: Ngati mukufuna kuona zala za woimbayo, sankhani mpando wa kumanzere mukayang'ana kusiteji, chifukwa makiyi amakhala mbali imeneyo. Mizere yakutsogolo kwenikweni ipeweni: kumeneko piyano imamveka yokha, zida zina n'kuphimbika.

Nyimbo ya piyano ndi okestra imatchedwa concerto. Imakhala ndi zigawo zitatu, chothamanga, chodekha, kenako chothamanganso, ndipo yonse imatenga pafupifupi theka la ola. Masiku ano anthu amadikira chigawo chachitatu chithe. Kale sizinali choncho: mu 1778 ku Paris omvera anawombera m'manja Mozart nyimbo ili mkati, iye n'kukondwa nazo. Choncho mukawomba chigawo choyamba chitatha, palibe mlandu. Koma chodekha chikamatha khalani chete, chifukwa nthawi zina chimalumikizana ndi chachitatu popanda kupuma, monga mu concerto yachisanu ya Beethoven.

Funso: Ndinaona woimba piyano atangokhala manja pamiyendo nyimbo itayamba, kenako okestra yonse inasiya iye akuimba yekha. Kodi anasokonezana?

Yankho: Ayi ndithu, ndi mmene nyimbozi zinalembedwera. Okestra imayamba yokha kwa mphindi ziwiri kapena zitatu kuyala maimbidwe akuluakulu, piyano n'kudzawatenga ndi kuwakometsa. Beethoven anaswa mwambowu mu concerto yake yachinayi, imene piyano ndiyo imatsegula.

Pamene okestra inasiya paja pamatchedwa cadenza, chakumapeto kwa chigawo choyamba. Mozart ankapeka pomwepo. Ambiri lero amaimba yolembedwa kale. Tcherani khutu kumapeto kwake: woimba amanjenjemeretsa manotsi awiri oyandikana mofulumira, ndipo chimenecho ndi chizindikiro kwa wotsogolera kuti alowetse gulu. Apa ndi pamene zinthu zimavuta kawirikawiri, chifukwa mlendo amayeserera ndi gululo kamodzi kapena kawiri basi. Akapanda kugwirizana za liwiro ndi kuyang'anana, okestra imalowa mochedwa.

Vuto lina ndi mphamvu ya chida. Piyano ya m'nthawi ya Mozart inali ndi makiyi 61 ndi mawu opepuka, pamene ya lero ili ndi 88 ndi chimango chachitsulo. Woimba akaponda kwambiri pedulo ya kumanja, chopondera chimene chimatalikitsa mawu, manotsi amasakanikirana ndipo zitoliro sizimvekanso, chonsecho kuyankhana kwa piyano ndi zitoliro ndiko kukoma kwa Mozart. Katswiri weniweni mudzamudziwira pamenepo: amachepetsa mawu ake zitoliro monga oboe kapena bassoon zikatenga nyimbo. Concerto isanayambe mudzaonanso woimba vayolini wamkulu akudina notsi ya A papiyano kuti onse achune zida zawo, popeza piyano singachunidwe pomwepo.