Mtengo wa usipa ukusiyana pa pulogalamu yanga

Mtsikana wina wa ku Senga Bay, yemwe analemba MSCE chaka chatha, wandilembera. Akupangira amayi ake kapulogalamu ka pa intaneti kolembamo mitengo ya nsomba ndi ngongole za makasitomala. Akasintha mtengo wa usipa pa tsamba lina, tsamba linzake likusonyezabe wakale, ndipo netiweki ikadula foni imangoyera mbee. Akufunsa ngati ntchito ya makompyuta si yake.

Ndi yako, mwana wanga. Vuto wakumana naloli ndi lomwe anzako amalembedwera ntchito kuti alithetse.

Seva, kompyuta ya pa intaneti yomwe imasunga zinthu za pulogalamu yako, imakutumizira zinthuzo mu JSON, kalembedwe kotumizirana zinthu pakati pa mapulogalamu. Ndikuganiza kuti iwe ukuzitenga mmene zabwerera n'kuzimwaza pa tsamba lililonse, ndiye usipa womwewo walembedwa katatu. Ukakonza pamodzi, pawiripo patsala. Manga nkhokwe imodzi yosungiramo zinthuzi mu browser, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti. Chilichonse chochokera ku seva chiyambe chalowa m'nkhokwemo: nsomba pazokha, makasitomala paokha, chilichonse ndi id yake, nambala yochizindikirira. Masamba onse azikatapa momwemo. Usipa wa id 7 ukabweranso ndi mtengo watsopano, ulowe m'malo mwa wakalewo.

Pa ngongole pokha samala. Munthu amene anatenga ndowa ya usipa Lolemba alipire mtengo wa Lolemba, choncho mtengowo ulembedwe pa ngongolepo. Ukapanda kutero, amayi ako adzakangana ndi makasitomala awo chifukwa cha iwe.

Redux, chida cha opanga mapulogalamu chomwe chinatuluka mu 2015, inamangidwa pa ganizo lomweli la nkhokwe imodzi. Usaithamangire. Yamba walemba nkhokwe yako ndi JavaScript wamba, chilankhulo cholembera mapulogalamu a pa intaneti, kuti pokafika kumeneko uzidziwa chomwe ikuchita.

Za netiweki: sunga zomwe walandira mu IndexedDB, mosungira zinthu mwa browser pa foni pomwepo. Mosungira mwina ndi localStorage, koma iyo imasunga mawu okhaokha, ndipo malo ake ndi a pafupifupi 5 MB basi. Pulogalamu ikatseguka isonyeze kaye zosungidwazo, ilembenso kuti ndi mitengo ya dzulo madzulo, kenako ifunse seva. Zonsezi zafotokozedwa kwaulere pa MDN, tsamba la pa intaneti la opanga mapulogalamu.

Maphunziro a makompyuta alipo ku MUBAS, ku UNIMA ndi ku Mzuzu University, ndipo ndikulimbikitsa kuti ufunsire malo. Podikira, ika kapulogalamuka pa GitHub, tsamba lomwe anthu amaikapo mapulogalamu awo kuti ena awaone. Wolemba ntchito amafuna kuona chinthu chomwe chikuyendadi. Ukamaliza, tsikira kugombe m'mawa mabwato akamakocheza, uzimitse data, uwapatse amayi foni ija. Akapeza ngongole ya kasitomala wawo osakufunsa, undilemberenso.